Mlonda Amene Anatsanzika Kawiri

Foni inalira Lamulungu m'mawa, m'sabata yachiwiri ya mwezi wa Juni 2021, ine ndikusita malaya. Ku Doha ntchito imayamba Lamulungu, ndipo limenelo linali tsiku langa lachinayi pa kampani yatsopano. Woimbayo anali mwamuna wa mawu ofatsa. Anatchula dzina langa lonse, n'kuwerenga nambala ya chitupa changa osaphonya, kenako anati ndifike kupolisi nthawi isanakwane teni koloko. Nditafunsa chomwe chavuta, anayankha m'Chingerezi chodukaduka: "Small problem. Five minutes, you go."

Ndinamaliza kusita malayawo, kolala ndi manja omwe. Ndinatenga envulopu yanga ya pulasitiki momwe munali mapepala onse: kontirakiti yakale, kontirakiti yatsopano, kalata yosiyira ntchito, ndi uthenga wa boma wovomereza kuti ndasintha kampani, umene ndinausindikiza papepala kuti usafufutike. Ndinakwera takisi mtima uli m'malo. Ndinali ndi lamulo m'khwapa, ndipo ndinkaganiza kuti munthu wotero sagona m'chitokosi. Mphindi zisanu zija zinatenga masiku khumi ndi asanu.

Ndisanapitirire ndinene amene ndinali. Kwathu ndi ku Ntcheu. Ndinaphunzira kukoleji ku Zomba, n'kuphunzitsa kusekondale zaka zisanu ndi ziwiri, kenako ndinasiya choko n'kukavala yunifolomu ya ulonda ku Qatar. Patatha chaka ndinaitanitsa mng'ono wanga. Iye sankafuna kwenikweni. Anali ndi kagalaja kake kokonzera njinga zamoto, mkazi ndi ana awiri. Koma ine ndine mkulu wake, ndipo chimwalirire bambo athu, ndikalankhula ine nkhani inkathera pomwepo. Ndinamusankhira sukulu, ndinamusankhira ankhoswe, ndinamusankhiranso Doha. Kampani yomwe ndinkagwirako ntchito inamuika pakhomo pa nyumba yosanja ku Al Nasr, m'kati mozizira bwino. Ine ndinali pageti la mpanda wa nyumba za anthu olemera ku Al Duhail.

Geti limenelo linali ndi kanyumba ka makina oziziritsa, koma korona itabwera kanyumbako kanasanduka kokongoletsa chabe. Galimoto iliyonse ikafika, mlonda ankatuluka, n'kuona ngati foni ya aliyense ikuonetsa mtundu wobiriwira wosonyeza kuti alibe matenda, n'kuloza kachipangizo koyezera kutentha pamphumi pa aliyense, ngakhale wobweretsa buledi. Galimoto sizinkatha. M'mwezi wa Juni kutentha kwa kumeneko kumalowera kuphazi kudzera m'nsapato, ndipo masiki imanyowa ngati thewera.

Boma litasintha lamulo n'kunena kuti wantchito angathe kusintha kampani popanda chilolezo cha bwana wake, ine ndinali woyamba mwa alonda athu kuliwerenga lonse. Ndinapeza ntchito ina, ndinapereka notisi, ndinaigwira yonse mpaka tsiku lomaliza. Anzanga amene anachokapo bwino anandilangiza chinthu chimodzi: tsiku lomalizalo usanene kanthu, bweza yunifolomu kwa wosunga katundu, nyamula chikwama, zimiririka. Mng'ono wanga ananenanso zomwezo.

"Achimwene, ingochokani mwakachetechete. Kumbukirani kuti ine ndikutsala mu company momwemuno."

"Ine sindine wakuba kuti ndichoke mozemba," ndinatero. "Amayi sanatilere choncho. Pomwe wagwira ntchito zaka zitatu umatsanzika."

Ndiye ndinapita kukatsanzika. Amene ankayang'anira alonda tonse tinkamutcha mudiru, mawu a Chiarabu otanthauza bwana. Sanali mwini dziko. Nayenso anabwera pandege kudzafuna ntchito ngati ife tomwe. M'mawa uliwonse ankatiimika pamzere tisanakwere mabasi, n'kumayendera nsapato ndi ndevu zathu. Tsiku langa lomaliza ndinatuluka pamzerepo, manja kumbuyo, n'kunena kuti ndabwera kudzatsanzika ndi kuthokoza. Ndikulumbira kuti ndinanyamuka ndi mawu othokoza okhaokha. Iye sanandiyang'ane n'komwe. Anatembenukira kwa anzanga n'kuwauza kuti aone mphunzitsi uyu, anamutola kutchire, anamupatsa nsapato, lero wayamba kudziwa malamulo.

Mawu othokoza aja anauluka. Ndinalankhula mwina mphindi zitatu, m'Chingerezi cha m'kalasi, mokweza kuti wa kumapeto kwa mzere amve. Ndinanena za mapasipoti athu amene anakhala m'kabati mwake mpaka titachita phokoso. Ndinanena za mlonda wa ku Nepal amene anakomoka pageti n'kudzudzulidwa kuti amagona pantchito. Ndinati nsapato ndinayamba kuvala iye asanadziwe komwe kuli Malawi, ndipo lamulo latsopano likutanthauza kuti iye salinso mwini wa munthu aliyense pamzerepo. Ndinatchula kampani yomwe ndikupita, n'kumuonetsa uthenga wa boma pafoni. Wina kumbuyo anaseka. Awiri atatu anawomba m'manja. Mng'ono wanga anali atazolika, akuyang'ana nsapato zake. Mudiru anangoti, motsitsa mawu, "Inshallah, teacher."

Mpaka lero sindinapeze bodza ngakhale limodzi m'zimene ndinanena m'mawa umenewo.

Kupolisi anandikhazika pabenchi mpaka masana. Amene anandifunsa anali wapolisi wachikulire, wa imvi m'ndevu. Funso lake loyamba linali lakuti ndinathawiranji. Ndinati sindinathawe, ndinatsanzika pamaso pa anthu onse. Ndinayala mapepala patebulo limodzilimodzi ngati ndili m'kalasi. Sanawakhudze. Anatembenuza kompyuta kuti ndione, ngakhale zonse zinali m'Chiarabu, n'kufotokoza kuti kampani yanga yakale yadandaula kuti ndinasowa pantchito sabata yathunthu notisi isanathe. Sabata imeneyo ndinaima pageti tsiku lililonse, n'kusaina m'buku. Bukulo linali m'manja mwa mudiru.

"Paper say okay. Computer say you run," anatero. Pepala likuti zili bwino, koma kompyuta ikuti wathawa. Anawonjezera kuti nkhaniyo singasunthe mpaka a kampani atabwera okha.

Anandilanda lamba, zingwe za nsapato ndi foni. Envulopu anandisiyira, ndipo sindikudziwabe ngati chinali chifundo kapena chipongwe. Wachipatala wina anandipisa kamtengo m'mphuno kuyeza korona, kenako anandiyendetsa m'khonde lalitali kupita kuseri kwa nyumbayo.

Chipinda chomwe anandilowetsa sichinali chauve. Ndikunena izi chifukwa anthu akamva za ndende amayembekeza nsikidzi ndi ndowa. Munali matailosi, mabedi achitsulo osanjikiza, magetsi osazima, ndi mpweya wozizira kwambiri moti tinkafunda mabulangete kunja dzuwa likuswa mtengo. Mabedi anali ochepa kuposa anthu. Pakhoma panali chikwangwani chotiuza kuti tizikhala motalikirana. Palibe anandimenya. Palibenso anandiuza tsiku lomwe nkhani yanga idzamvedwe. Ukafunsa, msilikali wa pakhomo ankati "Bukra," kutanthauza mawa, ndipo mawa lake ankanenanso chimodzimodzi.

Tsiku lachiwiri, ndikung'ung'udza ndekha, ndinamva mawu kuchokera pabedi lapansi: "Kodi mukutukwana m'Chichewanu ndinu a kuti?" Anali bambo achikulire a ku Machinga, amene ankayendetsa galimoto ya banja lina ku Al Hilal. Nawonso anawalembera kuti athawa. Anali atakhalamo mwezi wathunthu, ndipo anali atasiya kufunsa za mawa. Atamva kuti ndinali mphunzitsi anandipatsa malo kumiyendo kwa bedi lawo, n'kuyamba kunditcha aphunzitsi.

Tsiku lachinayi, Lachitatu, kunabwera munthu woyendetsa mapepala a kampani yakale ija. Anabweretsa chikalata cha mizere isanu ndi umodzi. Chinkati ndinathawa ntchito, ndinanyoza mkulu wanga ndi mawu abodza, ndikupepesa, ndipo ndikuvomera kubwerera kwathu. Ndikasaina, n'kuwerenga mawuwo mokweza mudiru akujambula pafoni kuti alonda onse aone, kampani ichotsa dandaulo lake. Ndinawerenga kawiri, n'kumubwezera ndi dzanja limodzi, lamanzere. Ndinati akauze bwana wake kuti tikakumana kubwalo la milandu ya ntchito.

Tsiku lomwelo anatilola kuimba foni mphindi zochepa. Ndinaimbira mng'ono wanga.

"Achimwene, sainani basi," anatero. "Andichotsa ku Al Nasr. Andiika pa gate panu paja, day shift, ndiye akungowonjezera ma-hours. Akuti reliever woti andilandire palibe chifukwa cha corona. Dzulo ndinaona mdima masanasana."

"Uzimwa madzi ambiri."

"Madzi ndikumwa. Koma mudiru wanena poyera kuti mukapepesa andibwezera kwanga kuja. Ndi pepala chabe, achimwene. Anthu onse truth akuidziwa kale."

"Iwe, ndikasaina bodza limeneli ndiye kuti aliyense wofuna kuchoka watsekeredwa. Limba mtima, ndiwe mwamuna. Ine ndikudziwa chimene ndikuchita."

"Chabwino, achimwene," anatero, monga ankanenera kuyambira ali mwana. Msilikali anagogoda patebulo kuti nthawi yatha.

Mawa lake anandiitananso kukafunsidwa, ulendo uno ndi wapolisi wocheperapo msinkhu. Ankafuna kudziwa amene anandituma kulankhula kwa alonda, ndiponso ngati ndinkakonza sitalaka. Ndinati palibe anandituma, ndinkatsanzika. Sanamvetse. Ndinayesa kufotokoza kuti kwathu munthu suchoka pakhomo pomwe wakhala osalawira eni ake, ngakhale munali pa udani. Anandiyang'ana ngati wamisala. "You finish work, you go. Why talk?" Wamaliza ntchito, uzipita, kulankhula n'kwa chiyani? Ndinabwerera m'chipinda nditakwiya, komanso ndikudzimva kuti ndine munthu wamkulu amene boma lonse likumuopa.

Masana m'chipindamo ankatalika, ndipo bambo a ku Machinga aja anapempha kuti ndiwauzeko zomwe ndinaphunzira ku Zomba. Ndinawasimbira ndakatulo yaitali ya Agiriki akale yomwe ndinkaikonda kuposa zonse. Ndi ya msilikali woposa anzake onse, amene mfumu yake inamunyoza pamsonkhano. Iye anapsa mtima, n'kukakhala m'tenti mwake, n'kulumbira kuti sagwiranso mkondo mpaka omunyozawo adzalire. Anamutumizira anthu kudzamunyengerera, iye anakana. Mbali imeneyi ndinaisimba mokoma, ndi manja omwe, chifukwa m'tentimo ndinkadziona ndekha.

"Ndiye anamupepesa?" anafunsa bambowo.

Ndinati zisanafike pamenepo, mnzake wapamtima analowa kunkhondo m'malo mwake, n'kuphedwa.

"Ohoo. Iye ali mu tent?"

"Ali mu tent."

"Nanga ulemu wake uja anaupeza?"

Ndinayankha kuti nkhaniyo ndi yozama kuposa pamenepo, lomwe ndi yankho la mphunzitsi akafunsidwa funso lomwe sakulifuna. Mapeto ake ndinangowadutsa mothamanga. Msilikaliyo anapha amene anapha mnzake, n'kukaniza mtembo. Bambo wa wophedwayo, mfumu yokalamba ya mzinda wa adani, inapita yokha kumsasa wa msilikaliyo, n'kugwada, n'kupsompsona manja omwe anapha mwana wake, kupempha mtembo kuti ikauike. Kukoleji ndinalemba kuti mbali imeneyi imandinyansa, kuti mfumu siyenera kudzitsitsa chotero, ndipo ndinapeza malikisi abwino. Musaganize kuti sindinaone kufanana kwa nkhaniyi ndi yanga. Ndinaona, n'kudziuza kuti zimenezo ndi za m'mabuku, ku Doha kulibe mikondo.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri foni ya mng'ono wanga inangolira osayankhidwa. Mawa lake inali yozima. Tsiku lachisanu ndi chinayi, Lolemba, ndinaimbira mayi ena a ku Malawi, namwino pachipatala china, amene ankatsogolera mapemphero athu a Lachisanu m'nyumba mwawo ku Al Nasr.

"Aphunzitsi, takhala tikukusakani. Mwakhala pansi?"

"Pano palibe mpando. Nenani."

"Mng'ono wanu watisiya. Loweruka masana. Anamupeza atatsamira khoma la pa gate, thermometer ili m'manja. Ambulance inafika, koma anali atapita kale."

Pepala la kuchipatala linati mtima unangoima. Anali ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo anali asanadwalepo mtima. Ndinabweza foni kwa msilikali ndi manja awiri, n'kuthokoza. Ndinabwerera m'chipinda n'kupinda bulangete langa bwinobwino, kenako ndinalifunyulula n'kulipindanso.

Mawa lake mayiwo anandifotokozera za mtembo. Unali mufiriji kuchipatala. Kuti ukwere ndege pankafunika kalata ya kampani ndi siginecha ya m'bale, ndipo m'bale wake m'dziko lonselo ndinali ine. Kampani sinakane. Inkangoti iyambe yatha nkhani ya mkulu wakeyo.

"Mortuary sisunga munthu mpaka kalekale, aphunzitsi. Ma-documents akachedwa amuika konkuno, mumchenga, popanda ndi mmodzi yemwe wa kwanu. Ndalankhula ndi mayi anu. Anthu asonkhana kale pakhomo, akugona pasiwa. Akufunsa kuti adzukulu akumbe liti."

"Anthu amenewa apha mng'ono wanga, ndiye ndiwapepese? Ndilemba complaint. Pali labour court, pali..."

"Case yanu ndi yoona, palibe akutsutsa. Koma court ikatenga miyezi, mayi anu mukawauza chiyani? Pride yanuyo sikweza bokosi mundege."

Ndilembe chinthu chomwe chimandichititsa manyazi kuposa china chilichonse: sindinavomere pomwepo. Ndinatha tsiku lina lathunthu ndikulemba dandaulo kuseri kwa kontirakiti yanga yatsopano, ndi pensulo yobwereka, ndime ndi ndime, mfundo yoyamba, mfundo yachiwiri. Linali dandaulo labwino. Ndinali ndi ukali woti ndikanagumula khoma, ndipo ukaliwo unkandikomera, chifukwa pokwiyira mudiru sindinkakumbukira amene anauza mnyamatayo kuti alimbe mtima, ndi mwamuna.

Bambo a ku Machinga anandisiya mpaka nditamaliza kulemba. Kenako anadzuka pabedi.

"Aphunzitsi, mfumu yokalamba ija munaidumpha mothamanga tsiku lija. Mwati inapita yokha?"

"Yokha."

"Inali yolakwa?"

"Ayi."

"Nanga inagwadiranji?"

"Inkafuna mwana wake."

"Basi," anatero, n'kufunda bulangete lawo.

Mudiru anabwera tsiku la khumi ndi chiwiri, Lachinayi m'mawa. Tinakumana muofesi ya wapolisi wa imvi m'ndevu uja. Mudiruyo anali atavala mamasiki awiri, ndipo fungo la mafuta ake linadzaza chipinda. Sanatchule mng'ono wanga. Anaika chikalata chomwe chija patebulo, ine ndinasaina, kenako anakweza foni yake. "Read, teacher. Loud, like that day." Ndiwerenge mokweza ngati tsiku lija.

Ndinayamba kuwerenga chiimire. Mzere woyamba unatuluka, wakuti ndinathawa ntchito. Pamzere wachiwiri ndinalekeza kuwerenga. Palibe anandiuza kuti ndigwade, ndipo sizinali pachikalata. Koma kwathu nkhani ya maliro sitiinena chiimire, ndipo munthu sapempha mtembo ataima njo ngati ali paperedi. Thupi linadziwa zimenezi mutu usanavomere. Ndinagwada pamatailosi, buluku lopanda lamba likutsetsereka m'chiuno. Ndinaika pepala pansi, n'kuwomba m'manja mofatsa monga timachitira pamaso pa akuluakulu. Chingerezi cha m'kalasi chija chinandithawa. Ndinangoti, "Sir, give me my brother. My mother is waiting." Ndipatseni m'bale wanga, amayi akudikira. Kenako ndinatambasula manja onse awiri kuti ndigwire dzanja lake.

Anadumphira kumbuyo mpaka kugunda kabati. "Corona, corona," anatero, n'kutulutsa kabotolo ka sanitaiza m'thumba.

M'ndakatulo ija, msilikali ataona nkhalamba itagwada anakumbukira bambo ake, onse awiri n'kulira limodzi, kenako anaidzutsa ndi dzanja lake n'kuipatsa chakudya. Ndikufuna zidziwike kuti kwa ine sizinatero. Mudiru sanalire ndipo sanakumbukire aliyense. Anapaka mankhwala m'manja amene sindinawakhudze n'komwe.

Amene anaimirira anali wapolisi uja. Nkhope yake inali itasintha. "Stand up, stand up," anandiuza. "Here, knees for God only." Kuno maondo ndi a Mulungu yekha. Kenako anatembenukira kwa mudiru n'kumulankhula m'Chiarabu, mofulumira, mosakweza mawu. Sindinatole kanthu koma liwu limodzi lomwe tonse a kumeneko timalidziwa, khalas, kutanthauza kuti zatha. Mudiru anatsitsa foni. Wapolisiyo anaima pambali pake mpaka mudiruyo atafufuta zomwe anajambula, n'kusaina pepala lochotsa dandaulo. Anamuuzanso kuti kalata ya mtembo ifike tsiku lomwelo maofesi asanatsekedwe, pakuti mawa lake linali Lachisanu, losagwira ntchito. Kalatayo inafika.

Ndikasimba nkhaniyi ena amati wapolisiyo anali munthu wabwino, ndizithokoza Mulungu. Mwina anali wabwino. Koma ndi yemweyo amene tsiku loyamba anakana kukhudza mapepala anga. Lamulo linali patebulo pake, losindikizidwa, lochokera kuboma lake lomwe, ndipo silinamusunthe. Chinamusuntha ndi kuona bambo wa zaka makumi anayi ali chogwada pamatailosi ake. Izi zimandipsetsa mtima mpaka lero. Akanawerenga pepala limodzi Lamulungu lija, mng'ono wanga bwenzi ali moyo. Ine ndikanasaina Lachitatu lija, bwenzinso ali moyo. Zonse ziwiri ndi zoona, ndipo ndayesetsa kufafaniza china ndi chinzake koma sizitheka.

Ananditulutsa tsiku la khumi ndi chisanu, Lamulungu. Bambo a ku Machinga ndinawasiya momwemo. Anandigwira dzanja nthawi yaitali, osasamala za chikwangwani cha pakhoma chija, n'kunena kuti ndikawapepesere amayi. Sindidziwa kuti anatuluka liti. Apolisi anandibwezera lamba, zingwe za nsapato ndi foni. M'fonimo munali uthenga wa kampani yatsopano wakuti malo anga anapatsa wina, ndi mauthenga atatu a mng'ono wanga amene anatumiza akudziwa kuti foni sindili nayo. Womaliza unkangoti kunja kwatentha kwambiri lero.

Mayi namwino aja anandiperekeza kuchipatala. Achipatala anatsegula firiji kuti nditsimikize kuti ndi iyeyo. Kumaso kwake kunali mzere woonekeratu pomwe masiki inkalekezera: kumtunda dzuwa linali litamudetsa, kumunsi anali monga ndinkamudziwira. Ndinasaina. Patatha masiku awiri tinakwera ndege imodzi, ine pampando, iye pansi pamodzi ndi katundu. Tinamuika ku Ntcheu pafupi ndi bambo athu.

Anthu amandifunsa mmene ndinamvera nditatuluka, akuyembekeza kuti ndinene za kukoma kwa ufulu. Ndinkaganiza kuti ufulu ndi kusagwadira munthu aliyense, ndi kukhala wonena mawu omaliza. Ufulu woterowo ndinaugwiritsa masiku khumi ndi limodzi, ndipo amene anaima padzuwa chifukwa cha iwo anali wina. Mudiru sindinamukhululukire. Kugwada sikunali kukhululuka, ndipo chikalata chabodza chija chikadali m'faelo ina kumeneko ndi siginecha yanga pansi pake. Chomwe chinasintha ndi chaching'ono. Mlamu wanga atanena kuti akufuna kutsegulanso kagalaja ka mwamuna wake n'kumakayendetsa yekha, ndinamva mawu okaniza akukwera pakhosi monga kale, ndipo ndinawameza. Ndinamufunsa kuti akufuna ndimuthandize chiyani. Ndabwerera ku choko. Ndakatulo ija ndinaiwerenganso, ndipo ndinadabwa kuti zaka zonsezi sindinalabadire pomwe imathera. Sithera pa kupambana kwa aliyense. Nkhondo ikudikirabe kunja kwa linga, ndipo nkhalamba ija yangopatsidwa masiku ochepa oikira mwana wake.

Amayi sadziwa kuti ndinali m'chitokosi. Tinawauza kuti mapepala ndi amene anachedwa chifukwa cha korona. Tsiku lomwe anthu anabalalika pasiwa anandiitanira kuseri kwa nyumba, komwe ankasankha zovala za malemu. Ndinakhala pansi pafupi nawo.

"Abwana anu kumeneko anatichitira chifundo," anatero. "Ena ana awo amaikidwa kutali osawaonanso. Kodi pochoka munatsanzika bwino?"

Ndinayang'ana maondo anga.

"Ndinatsanzika, amayi. Kawiri."

"Mwachita bwino," anatero, akupinda malaya a mng'ono wanga. "Ine sindinalere ana ochoka mozemba."